Nkhata imene ndinaikana pa Lirangwe

Pa wailesi akukangana zoti akazi azipita kutsogolo kunkhondo. Ena akuti awapeputsire mayeso, ena akuti ayi, muyezo ukhale umodzi. Ine pa nkhani imeneyi sindiyenera kutsegula pakamwa, koma ukalamba umadya manyazi, ndiye nditsegula.

Inali nthawi ya Chitaganya. Ife a ku Chileka asilikali tinkawaona akutsika ndege, jombo zili waliwali, ndipo ine, amene sukulu ndinaithawira mu Sitandade 3, ndinati ntchito yanga ndi yomweyi. Ndinali nditafunsira mtsikana wina wa ku Chigaru, wogulitsa nkhuni pamsika wa Lirangwe. Amalume ake, eni mawu pa ukwati wake, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuzikang'a nati, "Mwana wathu sakwatiwa ndi lova. Kapezeni ntchito." Ndinawalonjeza kuti ndidzabwera nditavala yunifolomu.

Lole yolemba asilikali inaima pa Lirangwe tsiku la msika. Asajeni anali munthu wamfupi, mawu ngati bingu. Chingwe choyezera pachifuwa ndinachinyenga: ndinakoka mpweya mpaka maso kutuzuka, ndinadutsa. Kenako anatsitsa matumba a mchenga. Aliyense anyamule lake, akafike kumtsinje, abwerere wenzulo isanalire.

Mtsikana uja anasiya nkhuni zake, napinda kansalu kukhala nkhata.

"Inu, tengani iyi. Senzani pamutu. Paphewa likupindani msana."

Anzanga anali pomwepo, makutu ali tcheru. Kwathu mwamuna wosenza pamutu ankafunsidwa ngati akuchokera kuchigayo kapena kumadzi.

"Chemwali, msilikali sasenza ngati akukagayitsa. Imani uko muone amuna."

"Chabwino," anatero iye. "Tiwaone amunawo."

Popita kunali kotsetsereka, ndinkachita kuimba mluzu. Pobwerera chitunda chinayamba kukula ndikuchiona. Thumba linachoka phewa ili kupita ilo, basi ndinapezeka m'munda wa nandolo wa eni, thumba pamwamba, ine pansi.

Sindinadziwe kuti iye ankanditsatira.

"Dzukani."

"Mwendo wathyoka."

"Uti?"

Ndinaloza wakumanzere, pamene dzanja linali litagwira wakumanja.

"Thumba la boma ili. Mukalisiya pano akumangani. Nditwikeni."

Anagwada, nkhata ija pamutu. Ine, msilikali wa mawa, ndinamutwika ndi manja anga awa. Ananyamuka khosi lili njo, manja akugwedeza ngati akupita kutchalitchi, nadutsa anyamata awiri amene ankawefuka kutsogolo. Amayi apamsika anaimba nthungululu. Ine ndinabwera pambuyo ndikutsimphina, osakumbukanso mwendo woyenera.

Anatula thumba pamapazi pa asajeni.

"Bambo, ndilembeni."

"Mayi, mwayambira pakati."

"Ndiye yang'anani wotchi yanuyo. Ndiyambire pompano."

Anthu anafuula kuti mulekeni ayese, ndipo asajeni, akuseka, anavomera. Mtsikanayo anasenzanso thumba, napita kumtsinje nabwerera, wenzulo idakalendewera pachifuwa pa asajeni. Thukuta linali kamukamu, mpweya wokwera, koma anafika.

"Tsopano ndilembeni."

Asajeni sanasekenso. "Buku ili ndi la amuna okha."

"Thumba lomwelo, mtunda womwewo, wotchi yanu yomweyo. Chasiyana n'chiyani?"

"Palibe, mayi. Koma lamulo si langa."

Kenako ananditembenukira. "Iwe, anakuletsa ndani kusenza pamutu? Ine ndinati thumba lifike, basi. Choka apa!"

Sabata yonse sindinatuluke m'nyumba. Lamulungu ndinadzikoka kupita ku Chigaru kuti akandikane bwinobwino, ndione zina. Amalume aja anali pakhonde.

"Yunifolomu ija mwaisiya kochapa?"

Ndisanayankhe, mtsikana uja anatuluka nakhala pansi chapatali, monga mwa ulemu, koma mawu ake sanakhale pansi.

"Amalume, awa ndikuwafuna. Msika wonse unawaona ali m'nandolo. Pakhomo panga sadzandiuza kuti iyi ndi ntchito ya amuna."

Amalume anatsokomola, nayang'ana kumwamba, nati kumunda kwawo khasu silifuna muyezo wa pachifuwa. Chaka chomwecho ndinalowa chikamwini, ndipo mawu oti "iyi ndi ntchito ya amuna" sindinawayesepo, ngakhale nditaledzera.