Ndinanamizira Mapepala a Unzika

Msilikali wolemba anthu usilikali ku Indianapolis sanandibisire. Kuti asilikali andilipirire sukulu ya udokotala, pankafunika magiredi apamwamba, ndipo kemisitiri inali itandigwetsa. Ndinakhala kaye m'galimoto, kenako ndinaimbira foni bambo anga ku South Bend.

"Akuti vuto ndi mapepala, adadi. Amangotenga nzika za dziko lino."

Amatengadi nzika zokha, koma ine unzika ndinali nditaulandira kale, ndipo bambo analipo pamwambowo atavala suti. Satifiketi yake amasunga ndi iwo.

"Mapepala atinso? Ndikubwera Lachisanu," anatero.

Anabweradi. Anapempha tchuthi kuntchito n'kuyendetsa galimoto maola atatu. Tinayenda mpaka pakhomo la ofesi ya asilikali, iwo fayilo ili m'khwapa, akuyeseza zokalankhula. Apo m'pamene ndinawagwira mkono.

"Adadi, nkhani si mapepala ayi. Ndinapeza C mu kemisitiri."

Bambo anandifunsa kuti, "Ndiye ine ndimakakangana ndi asilikali chifukwa cha C?"

Panopa ndikubwereza kosiyo. Chimandipsetsa mtima n'chakuti pa mabodza onse, ndinasankha limene umboni wake unali m'kabati ya bambo.