Chaka Chimene Ndinkaopa Mpeni

Mwana wanga woyamba anali ndi miyezi itatu pamene zinayamba. Tinkakhala kwathu kufupi ndi Thambani, nyumba yathu ili pamtunda, ya achemwali anga aakulu ili kumunsi kwa mitengo ya manachesi. Amuna anga ankagula manachesi m'midzi n'kukapikulitsa ku boma ndi kumalire, ine n'kumatsala pakhomo ndi khanda.

Tsiku lina m'mawa ndinkadula mpiru ndi mpeni pakhonde, mwana atagona pamphasa pambali panga. Mwadzidzidzi ndinaona m'mutu mwanga mpeni uja uli pakhosi pake, ndipo dzanja logwira mpeniwo linali langa. Zinangodutsa ngati kuphethira kwa diso. Ndinauponya pabwalo, ndipo mpiru wotsalawo ndinaung'ambang'amba ndi zala.

Mawa lake chithunzicho chinabweranso. Ndikachithamangitsa chinkabwerera ndi mphamvu. Tinali ndi mipeni itatu, ndipo yonse ndinaikulunga m'thumba la feteleza n'kuikwirira pansi pa chimanga m'nkhokwe. Komabe mtima sunakhale m'malo. Ndinkapita kukaona ngati ikadali pomwepo, kasanu, mwina kakhumi pa tsiku. Ganizolo likabwera ndinkanena chamumtima kuti “Ambuye ndikhululukireni” kasanu ndi kawiri, ndikasokoneza powerenga n'kuyambiranso. Ndinasiya kubereka mwana. Poyamwitsa ndinkafuna pakhale munthu pafupi, akangokhuta ndinkamupereka kwa achemwali.

Mawu amene ndinkawaopa koposa anali akuti ufiti. Nanga mayi woona zoterezi angakhale chiyani china? Amayi anzanga a kutchalitchi sindikanawauza. Ndinauza amuna anga okha, ndikulira kuseri kwa khola la mbuzi.

Iwo anati, “Inu simungamuchite kanthu mwanayu. Ndimakudziwani.”

Mtima unakhala m'malo. Koma dzuwa lisanapendeke ndinawafunsanso ngati akunenetsadi. Anandiyankha. Posakhalitsa funsolo linasanduka la ola lililonse, iwo n'kumayankha osatopa, mpaka anayamba kujomba ku geni yawo kuti azikhala nane.

Amene anazindikira anali anesi a ku sikelo ku Thambani. Atamuyeza mwana anandiyang'anitsitsa.

“Miyezi itatu ino wobereka mwanayu ndi achemwali anu. Msana ukukuvutani?”

Ndinapukusa mutu. Anapempha achemwali kuti adikire panja, natseka chitseko. Ndinawauza zonse, maso ali pansi, ndikuyembekezera kuti andilanda mwana. Iwo anangotenga buku langa la kuchipatala, nalembamo, n'kundiuza tsiku loti ndikaonane ndi adokotala a za maganizo ku boma.

Tinapita atatu pa kagalimoto ka matola, ine, amuna anga ndi mwana. Adokotalawo anali bambo aafupi, a imvi, osapupuluma polankhula. Anandifunsa mafunso ambirimbiri: ngati ndimagona, ngati ndimamva mawu a anthu osaoneka, ngati ganizolo limandikoma kapena kundinyansa. Nditatha anatsamira pampando.

“Mayi, si inu oyamba kukhala pamenepo ndi nkhani imeneyi. Maganizo oipa amadutsa m'mutu mwa aliyense, ambiri amangowaleka apite. Inu amakukanirirani chifukwa cha matenda, m'Chingerezi amati OCD. Si ufiti. Matendawa amaluma pomwe munthu amakonda.”

Kenako anandiuza chinthu chimene sindinachikonde. Anati kubisa mipeni, kupemphera mowerenga ndi kufunsafunsa kuja n'zimene zikunenepetsa manthawo.

“Ali ngati galu wa eni,” anatero. “Mukamuponyera mkute kuti achoke pakhomo, amachokadi, koma mawa abweranso.”

Anandipatsa mapiritsi, koma anati ntchito yeniyeni ndi ina: kuyandikira pang'onopang'ono chimene ndinkaopa, osachita chilichonse chodzitonthozera, mpaka thupi liphunzire lokha kuti mantha amakwera n'kutsika. Anatembenukira kwa amuna anga.

“Inu bambo, kuyambira lero funso lija musamayankhe.”

“Ndiye akamalira ndizingowayang'ana?”

“Khalani nawo pafupi, agwireni dzanja. Mungoti, limenelo ndi funso la matenda.”

Tinalemba papepala zinthu zimene ndinkaopa, kuyambira chaching'ono mpaka chachikulu. Choyamba tinachita tsiku lomwelo. Adokotala anatulutsa mpeni wa patebulo m'kabati, nauika patsogolo panga, mwana ali pamiyendo pa bambo ake pakona. Anandifunsa kuti manthawo afika pati, kuyambira chimodzi kulekeza khumi. Ndinati khumi. Lilime linkafuna kuyamba pemphero lija, iwo n'kuti ndilileke. Ndinawafunsa ngati kusiya pemphero si tchimo. Anati ndizipemphera m'mawa ndi madzulo monga kale, chimene tikusiya ndi kuwerenga kuja. Tinakhala choncho nthawi yaitali, iwo akufunsa amuna anga za mitengo ya manachesi. Atandifunsanso ndinadabwa kumva pakamwa panga pakutuluka “sikisi”.

Kunyumba tinafukula mipeni ija, itayamba dzimbiri. Sabata yoyamba ntchito yanga inali kuisiya poonekera. Yachiwiri, kudula ndiwo mwana ali pamsana pa achemwali pabwalo. Achemwali sanamvetse bwino zimene zinkachitika, ndipo ankati adokotala otuma munthu kuchita chimene akuopa ndi achilendo, komabe ankabwera tsiku lililonse pa nthawi yake.

Sabata yachitatu inali yowawa. Ndinkayenera kusenda mbatata mwana ali pamphasa pafupi nane. Ganizo linabwera mwamphamvu, ndinafunsa amuna anga funso lija. Anandigwira dzanja nanena mawu a adokotala. Ndinafunsanso, ndinawakalipira, ndinawauza kuti akhala chete chifukwa nawonso akundikayikira. Ndinaona misozi m'maso mwawo, kenako anagonja.

“Simungamuchite kanthu, mayi ake. Simungatero.”

Titabwerera ku boma tinaulula ngati ana asukulu. Adokotala sanakwiye. Anati palibe amene amakwera phiri osaterereka, tikayambirenso pomwepo. Pobwerera, tili m'galimoto, amuna anga anandinong'oneza kuti kukhala chete kuja kunkawapweteka kuposa kukankha njinga yodzaza madengu pachitunda. Ndinali ndisanaganizepo kuti nawonso akuvutika.

Tinabwereza za mbatata masiku khumi. Ndinayambanso kubereka mwana, poyamba pabwalo pokha, kenako mpaka kumjigo. Chomaliza papepala paja chinali kutsala naye ndekha tsiku lonse. Tinasankha tsiku limene amuna anga ankapita kumalire ku Zobuwe, ndipo achemwali ndinawapempha ndekha kuti akaswere kumunda, asandizonde.

Cha kumasana ndinakhala pakhonde ndi chinangwa m'lichero, mwana ali pamiyendo panga. Nditangogwira mpeni, chithunzi chija chinafika. Sindinapemphere mowerenga, sindinaimirire. Ndinangoti chamumtima, wabweranso, khala pompo, n'kupitiriza kusenda. Mwana anatola khungwa la chinangwa n'kuliika m'kamwa. Polichotsa, chala changa chinakhudza kanthu kolimba. Ndinamutsegula kukamwa n'kupeza timano tiwiri tam'munsi, toyera, tatuluka kale ndithu. Achemwali anali atandiuza za manowo masabata apitawo, koma ine ndinali ndisanayang'anepo. Kwa miyezi yonse ija nkhope ya mwana wanga ndinkaiona mozemba. Ndinaika mpeni m'lichero, osati chifukwa cha mantha, ndinkangofuna manja onse awiri. Ndinamuyang'ana makutu, zala, kachipsera ka katemera paphewa. Iye ankandikoka mlomo akuseka.

Amuna anga anafika dzuwa likadalipo, atanyamula buledi wa ku Zobuwe. Anaima pabwalo ndi njinga, nayang'ana chinangwa chosendasenda, nayang'ana mwana atagona kumsana kwanga. Ndinaona kuti ali ndi funso, koma sanafunse. Anangopempha madzi osamba.

Sindinganene kuti maganizowo anatheratu. Atabadwa mwana wachiwiri anabweranso, ndipo ndinapita ku boma kawiri kukakumbutsidwa njira. Ngakhale lero amadutsa nthawi zina, makamaka ndikatopa, ndipo ndimawasiya adutse.

Mwana uja tsopano ndi mtsikana wa ku sekondale, wamtali kuposa ine. Nkhaniyi sakuidziwa. Ndikudikira tsiku limene adzakhale ndi pakati. Amayi ena akadzatha kumulangiza za kusambitsa ndi kuyamwitsa, ine ndidzamutengera pambali n'kumuuza kuti m'mutu mwa mayi mumatha kudutsa zinthu zoopsa, ndipo zikadzamuchitikira adzabwere kwa ine tsiku lomwelo.