Mauthenga Amene Anatsakamira Kuseri kwa Bulogu

Ku Lirangwe mukafunsa mbande za mango omezanitsa, aliyense akulozerani kwa Mayi Molly Likoswe, kumene machubu akuda andanda pansi pa chisakasa cha udzu. Anaphunzitsa sitandade 6 zaka makumi awiri ndi zinayi, ndipo atapuma ntchito, chilakolako chophunzitsa sichinawathere. Mu 2013 anayamba kulemba pa intaneti: kamezanitsidwe ka mango, mwezi wabwino wookera malalanje, chochita chiswe chikalowa mu nazale. Bulogu yawoyo, tsamba la pa intaneti limene ankalembapo, inali yaulere. Anawatsegulira ndi mphunzitsi mnzawo amene posakhalitsa anasamukira ku Mzimba, atangowaonetsa zinthu ziwiri basi: polemba ndi poika chithunzi. Ngakhale nambala ya foni imene inali pamenepo inali yakale, ya foni yomwe inabedwa chaka chomwecho, koma iwo sankadziwa kasinthidwe kake.

Zaka zisanu ndi chimodzi zinatha choncho. Tsiku lina mkulu wa bungwe lina lodzala mitengo anawerenga adiresi ya buloguyo pa chikwangwani chawo n'kuseka.

"Mayi, adiresi yokhala ndi mchira wa eni ake chonchi? Zikuoneka ngati muli pa lendi. Pezani dzina lanulanu."

Mawuwo anawalasa. Lachiwiri m'mawa anakwera minibasi kupita ku Chileka kwa Bambo Stanford Makwinja, mkulu wa mpingo yemwe ali ndi shopu ya fotokope ndi makompyuta atatu. Bambo Makwinja anawagulira dzina la pa intaneti ndi malo osungirapo zolemba, kenako n'kulowa mu bulogu yakale ija kuti atenge zonse.

"Nkhani zilipo 212," anatero akuyang'ana pakompyuta. "Nanga ndemanga zonsezi tisamutsenso?"

"Ndemanga ziti, bambo? Ine palibe amandiyankha."

"Zilipo 437. Zikudikira kuti inu muzivomereze kuti zioneke. Simunatsegulepo apa?"

Mayi Likoswe anakokera mpando pafupi. Malo amenewo anali asanawaonepo chibadwire. Sukulu ina ya ku Zomba inkafuna mbande 500 mu 2015. Mlimi wa ku Mwanza anafunsa katatu za masamba opiringizika a manachesi, kachinayi n'kuwanena kuti ndi odzimva. Mayi Likoswe anagwira pakamwa, akuseka kuseka kosatuluka bwino.

"Ine wodzimva? Ine?"

Bambo Makwinja anapitiriza kutsitsa. Mwadzidzidzi mayiwo anawagwira dzanja mwamphamvu.

"Bwererani. Dzina ilo."

Linali la Zakeyo, mlongo wawo, chitsirizira m'banja mwawo. Anapita ku Joni mu 1998 atagulitsa mobisa ng'ombe ziwiri za malemu bambo awo. Analemba kalata imodzi, kenako zii. Abale ena ankati anamwalira, ena ankati anangotchona.

Uthenga woyamba unali wa Malichi 2014. "Achemwali, ndine Zakeyo. Ndazindikira khonde la amayi pachithunzipo. Ndili ku Durban. Nambala yanu sikugwira. Amayi alipo? Yanga ndi iyi."

Analipo khumi ndi umodzi. Wa 2015 unkati, "Ndikudziwa ndinalakwa. Mundiyankhe ngakhale mawu amodzi." Womaliza, wa 2017, unali waufupi: "Ndamvetsa. Sindikuvutitsaninso."

Mayi Likoswe anawerengera zakazo pa zala. Mayi awo anamwalira mu Okutobala 2016. Miyezi yonse imene anadwala, galimoto ikangoima pamsewu ankadzutsa mutu pamkeka n'kufunsa ngati ndi Zakeyo. Mayi Likoswe ankayankha kuti, "Amayi, muiwaleni ameneyo." Ndipo masiku omwewo ankakhala pakhonde lomwelo, foni m'manja, akulemba za chiswe.

"Zaka ziwiri ndi theka," ananong'ona. "Amayi ali moyo, iye akulemba."

Bambo Makwinja anauza mayi wina wodzachita fotokope kuti abwerenso masana, n'kukankha chitseko. Anatenga foni yawo, n'kulowetsa nambala ija, n'kuwapatsa.

"Mwina inasintha. Koma yesani."

Inalira kanayi. Kunamveka phokoso la makina, kenako mawu okhuthala a munthu wamkulu, olankhula chinenero cha kumeneko.

"Zakeyo," anatero Mayi Likoswe. "Ndine Molly."

Makina aja anazima.

"Achemwali? Lero?"

"Sindinawaone mauthenga ako. Ndawaona pompano, Mulungu ndi mboni. Sindimadziwa kuti kuli malo otere."

Zakeyo sanafunse kuti malo ake ati. Anangoti, "Amayi?"

Mayi Likoswe anamuuza kuti amayi anamwalira. Atanena chaka ndi mwezi, kunamveka kulira kwa mwamuna wa zaka makumi anayi ndi zisanu, kokweza mpaka Bambo Makwinja anavula magalasi n'kuyang'ana kukhoma.

Ntchito yosamutsa inatha Lachinayi. Mayi Likoswe anapempha kuti mauthenga a Zakeyo asaikidwe poyera, angowasindikizira papepala. Ena onsewo anawayankha mmodzimmodzi kwa milungu itatu, kuyambira ndi kupepesa. Owerengeka okha ndiwo anayankhanso.

Zakeyo anafika mu Disembala, mvula itayamba. Anatsika minibasi ndi chikwama chimodzi, imvi mbuu, moti achemwali ake anamudutsa kaye asanamuzindikire. Anakana mpando, anakananso tiyi. Anapempha khasu ndi munthu womuperekeza kumanda. Kumeneko analambula manda a mayi ake, n'kupitiriza a bambo ake, n'kupitiriranso ena awiri oyandikana nawo amene sankawadziwa n'komwe, mpaka Mayi Likoswe anamulanda khasulo.