Chitenje Chimene Chinatsala mu Zambezi

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinakhudza madzi a Zambezi koyamba, ngakhale kuti ndinabadwira ku komboni ya Linda, kumene utsi wa mathithi umaonekera m'mawa nyengo ya madzi ambiri. Ana a m'komboni mwathu tinkaudziwa mtsinjewo monga momwe munthu amadziwira nyumba ya bwana: tinkadziwa kumene uli, tinkaona magalimoto a alendo akutsika msewu wa Mosi-oa-Tunya kulowera kumeneko, koma sitinkaganiza kuti unali wathunso. Motero pamene kampani ina yoyendetsa alendo pamadzi inaitana achinyamata a kutchalitchi kwathu kuti akaphunzire kupalasa kayaki kwa tsiku limodzi, mkulu wanga Luyando analephera ngakhale kudya chifukwa cha chimwemwe. Anali wamkulu kwa ine pang'ono, woimba kwaya, mtsikana amene sindinamuonepo akuopa chinthu.

Anatiuza kuti tibwere titavala makabudula a masewera. Tinavaladi, koma pamwamba pake tinamanga zitenje, pakuti mtsikana wa ku Linda sakanadutsa m'komboni miyendo ili pamtunda. Wotiperekeza anali ba Hamoonga, mayi wamkulu amene ankayang'anira atsikana kutchalitchi, amenenso ankagulitsa tinsomba ta kapenta pamsika wa Maramba moyandikana ndi tebulo la amayi athu.

Malo ophunzirirawo anali kutali kumtunda kwa mathithi, pamene chilumba chachitali chimatchinga mbali ina ya mtsinje n'kusiya madzi abata pakati pa icho ndi gombe. Pafupi ndi mtunda madziwo ankalekeza m'chiuno, ndipo mchenga wa pansi unkaoneka. Kunkanunkhira bango louma ndi matope otenthedwa ndi dzuwa. Mphunzitsi wathu anali ba Mubita, mnyamata wachilozi wokulira m'tauni, wolankhula motsitsa. Anationetsa kayaki, kabwato kopyapyala ka munthu mmodzi, kotseka pamwamba, kokhala ndi bowo pakati pamene munthu amakhala miyendo italowa m'kati. Anationetsa nkhafi yake ya mitu iwiri. Aliyense anamuveka jekete yoyandamitsa, kenako n'kuikoka m'mapewa. Ikafika m'makutu, ankaimanganso. Anati tidzayamba ulendo molimbana ndi madzi kuti pobwerera, titatopa, madziwo atithandize, kuti tisatalikirane, kuti tiziyenda m'mbali mwa gombe, kutali ndi mozama mogona mvuu, ndi kuti funde likabwera tiziliyang'anitsa mphuno ya bwato, osalipatsa nthiti. Koma chimene anabwereza kwambiri chinali cha mawondo. Munthu akakhala mu kayaki amatangadza, mawondo n'kukanikiza m'mbali zonse ziwiri, ndipo ndi mawondowo amene amagwira bwato kuti lisagudubuke.

"Manje bakazi bonse, chosani vitenje," anatero pomaliza, ngati akunena chinthu wamba.

"Ati chani?" anafunsa ba Hamoonga, akudzuka pamthunzi.

"Ba mayo, mu kayaki miyendo ifunika kumasuka. Bwato ikagubuduka, chitenje chimanga munthu m'kati."

"Aba ni bana ba tchalitchi, si bazungu bako. Ufuna bakhale chotangadza pamaso pa banyamata? Iwe ulibe mlongosi? Ndine ninapatsiwa aba bana. Chitenje sichichoka."

Ba Mubita anayang'ana pansi, anapinda manja kumbuyo monga mwana woleredwa bwino, ndipo anati, "Chabwino, ba mayo." Mawu atatu amenewo ndawaganizira kwa zaka zambiri. Munthu yekhayo pagombe lija amene ankadziwa chimene nsalu yonyowa imachita pa miyendo anatseka pakamwa chifukwa wolankhula naye anali wamsinkhu wa amayi ake. Ba Hamoonga, pofuna kutsimikiza kuti mphepo isatichititse manyazi, anayendera mtsikana aliyense n'kumangitsa mfundo ya chitenje ndi manja awo.

Phunziro lomaliza lisanayambe ulendo linali lakuti aliyense agubuduze bwato lake dala pamadzi osaya, kuti adziwe kutulukamo. Limenelinso ife atsikana ba Hamoonga anatiletsa, pakuti zovala zonyowa zimamatirira pathupi. Tinakhala pansi pa mtengo tikuonerera anyamata akugwa ndi kuvuuka, akuseka, akulavula madzi. Ndikukumbukira kuti ba Mubita ankakweza mawu kuposa momwe anyamatawo ankafunikira, nkhope itapenya kumtengo kwathu. "Osalimbana na bwato! Welama kusogolo, gwira m'mbali, kankha monga uvula tilauzi. Ukachoka, usasiye bwato yako!" Ndikuganiza kuti imeneyo inali njira yake yotipatsa mobisa chimene analephera kutimenyera poyera. Atsikana ambiri ankacheza zina. Luyando ankayang'anitsitsa, milomo ikutsatira mawuwo.

Sindinganame kuti ulendowo sunali wokoma. Madzi ankalira pang'onopang'ono pansi pa bwato, nkhafi ikudontheza m'mikono, mbalame zoyera zikunyamuka m'bango. Koma kayaki yopalasa mawondo atagundana imanjenjemera ngati ndowa yosadzaza ili pamutu. Anyamata ankatiseka kuti akazi sadziwa kupalasa, ndipo ifenso tinakhulupirira kuti vuto linali ife.

Zinachitika pobwerera, gombe lathu likuoneka kale. Boti la injini linadutsa kuseri kwa chilumba, ndipo mafunde ake analowa m'madzi athu abata podzera pamene chilumbacho chimathera. Ba Mubita anakuwa kuti titembenuke. Ine mphuno ya bwato langa inali italoza kale komweko, mwamwayi chabe. Luyando funde linamupeza cham'mbali. Anayesa kukanikiza ndi bondo monga tinauzidwira, koma bondolo linali lomangidwa kwa linzake. Ndinangoona mimba yachikasu ya kayaki ili m'mwamba, ndi nkhafi ikuyandama payokha.

Anyamata aja akagwa ankavuuka nthawi yomweyo. Luyando sanavuuke. Bwato linkagwedezeka lokha, likumenyedwa kuchokera pansi. Ba Mubita ankapalasa mwamphamvu kuchokera kutsogolo kwa mzere, ndipo kunali kutali. Kenako mutu unatumphuka, jekete itamukweza, ndipo dzanja lake linagwira bwato monga anamvera pansi pa mtengo paja. Ba Mubita atafika anamukoka n'kumugoneka chafufumimba patsogolo pa kayaki yawo, akusanza madzi, miyendo ili pamtunda, atangotsala ndi kabudula. Chitenje chake chofiira ndinachiona chikutambasuka pansi pa madzi, chikulowera kumtsinje waukulu.

Pambuyo pake Luyando anandiuza kuti anawerama ndi kukankha monga anayenera, koma miyendo inakana kutuluka. Nsalu inali itakulunga mawondo n'kukodwa pa chopondera mapazi cha m'kati mwa bwatomo. Anafufuza mfundo ya ba Hamoonga m'chiuno, pansi pa jekete, n'kuikanda mpaka chikhadabo chinazuka.

Titafika pagombe ba Hamoonga anathamangira m'madzi atanyamula chitenje china. Ndinaganiza kuti akufuna kumufunditsa chifukwa ankanjenjemera. Anamukulunga m'chiuno, mapewa n'kuwasiya. Mawu awo oyamba kwa mwana amene anangotsala pang'ono kumira anali akuti, "Chitenje chako chili kuti?"

Pofika Lamlungu nkhani inali itazungulira Linda yense, koma inali itasintha nkhope. Madzi anali atachokamo. Chimene chinatsala chinali chakuti mwana wa ku nyumba kwathu anavula pamtsinje anyamata akuona, ndipo ananyamulidwa ndi mwamuna. Amayi a kutchalitchi anagamula kuti Luyando asaimenso m'kwaya kufikira atagwada pamaso pawo ndi kupepesa.

Amayi athu analira pamene ankamanga chala cha Luyando chozuka chikhadabo chija. Ankamugwira kumaso, kumutu, ngati akuwerenga ngati zonse zilipo. Koma atatha kulira anati, "Mwana wanga, ine nikhala nao aba bazimai pa maketi siku iliyonse. Gwada chabe, visile, nkhani ithe."

"Nipepese chani, ba mami?" anafunsa Luyando. "Kuti sininafe?"

Amayi anapitiriza kumanga chala chomangidwa kale.

Anagwada. Atsikana tonse tinaitanidwa kuti tikaonerere, poti chinali chiphunzitso cha ife tonse. Anagwada pasimenti, chala chokutidwa chili pabondo, n'kunena kuti wachititsa manyazi mpingo ndi makolo. Amayi aja anavomera ndi mtima wokhutira, ena mpaka anamusisita pamutu. Palibe amene anafunsa kuti mfundo ija anamanga ndani. Palibe amene anaitana ba Mubita kuti afotokoze, ndipo iwonso sanabwere okha. Luyando analoledwa kubwerera m'kwaya, koma sanabwerere. Ankakhala kumbuyo, pakamwa pali chitsekere, ndipo kumtsinje sankafuna ngakhale kukutchula.

Ndaphunzira zambiri kuyambira nthawi imeneyo, ndipo ndayesa kuiona nkhaniyi mwachilungamo, monga anandiphunzitsira ku yunivesite kuti munthu ayambe wamvetsa asanaweruze. Chitenje sindidana nacho. Ndimachivala kumaliro, kutchalitchi ndi pamaso pa apongozi. Ba Hamoonga sanali munthu woipa. Ankateteza chimene anauzidwa kuti ndicho chuma cha mtsikana. Ba Mubita ankalemekeza wamkulu. Amayi athu ankasunga mtendere ndi anthu amene ankakhala nawo. Aliyense mwa atatuwa anali ndi chifukwa chomveka, ndipo zifukwa zomvekazo zitaphatikizana zinasunga mwana pansi pa madzi, miyendo itamangidwa. Kumvetsa kumeneku sikunachepetse mkwiyo wanga. Kwangouthandiza kudziwa kumene ukuloza. Malamulo a ulemu anapangidwira pamtunda, pakati pa anthu amene angathe kukukhululukira. Madzi safunsa kuti ndiwe mwana wa yani kapena umapemphera kuti. Ndipo amene akudziwa choopsa n'kukhala chete chifukwa cha ulemu, ulemu wakewo amaulipira ndi mpweya wa munthu wina.

Masiku ano ndikabwera kwathu ndimapalasa pamadzi abata omwe aja. Chilimwe chathachi Luyando anandipempha, mosayembekezereka, kuti ndimutengere mwana wake wamkazi kukaphunzira kupalasa. Anabwera naye yekha mpaka pagombe. Mtsikanayo anali atamanga chitenje pamwamba pa kabudula, monga ifenso tinachitira, ndipo pamthunzi panali amayi ena achikulire operekeza ana awo, maso ali pa ife. Luyando sanawayang'ane. Anagwada pamchenga patsogolo pa mwana wake, anamasula mfundoyo ndi zala zake, anakoka jekete m'mapewa kuti aone ngati yagwira, n'kunena kuti, "Uyambe wagwa pamadzi yosaya. Ugwe mpaka uzibe kuchokamo."

Iye m'madzi sanalowe. Anapinda chitenje chija n'kuchikhalira pansi pa mtengo. Kanali kachiwiri kumuona mkulu wanga atagwada pamaso pa anthu chifukwa cha chitenje, ndipo ndinazindikira kuti kugwada koyamba kuja sikunamuphunzitse manyazi amene ankafuna kumuphunzitsa. Kunamuphunzitsa kuti mwana amamasulidwa asanalowe m'madzi, ndi munthu wamkulu, anthu onse akuona.