Kompyuta ya Esinta sindinaimenye ndi ndodo

Ndiyambe ndi kuwongola nkhani imene yapotozedwa. Pa msika wa Nsaru anthu akuuzana kuti Lachisanu lapitali ine ndinamenya kompyuta ndi ndodo yanga, iyo n'kuchira pomwepo. Ena akuti ndinaimenya kawiri. Wogulitsa matemba wina, amene panalibe n'komwe, akuti katatu. Owerenga anga, munthu amene anakhoza sayansi ku sekondale pa nthawi imene mayeso anali mayeso angamenye makina ngati bulu wokana ngolo? Imvani mmene zinayendera.

Mwana wanga wotsiriza, Esinta, anaphunzira mu mzinda wa Lilongwe luso lopanga makatuni, zithunzi zojambula zija zoyenda ndi kulankhula. Anabwerera kumudzi ndi kompyuta ya chibokosi chachikulu, ndipo kalabu ya alimi a mtedza inamupatsa ntchito yake yoyamba: kakanema kophunzitsa kusankha mbewu mvula isanagwe. Akomiti ananena kuti adzabwera Lachisanu kudzakaona, ndipo kakapanda kuwakomera ntchitoyo aipereka kwa a ku tauni. Esinta naye anati zikatero alongedza, abwerere ku Lilongwe. Ine ndinali nditazolowera kale kumva mawu ake m'nyumba muno.

Vuto linali ili. Mlimi wa m'katunimo, amene Esinta anamutcha a Chalimbana, ankayamba bwinobwino kuyenda m'munda mwake. Kenaka nkhope inkachita mawanga obiriwira ndi ofiirira, mwendo umodzi n'kutalika mpaka kumitambo, sikirini n'kuda bii, pulogalamu n'kudzitseka yokha.

"Ndi girafikisi khadi, ababa," anatero Esinta, nandifotokozera kuti ndi kachipangizo ka m'bokosimo kamene kamasenza ntchito yonse yoonetsa zithunzi. Anasintha chingwe. Anabwereka sikirini ina. Anachotsa madalayivala, timapulogalamu toyendetsa khadiyo, n'kuikamo atsopano. A Chalimbana osachira.

Ine ndinangokhala pa mpando wanga ndi wotchi. Ndinaona kuti m'mawa mlimiyo ali wathanzi, koma ikamakwana 11 koloko, malata atayamba kulira ndi dzuwa la Okutobala, kafani ka m'bokosimo kankabuula ngati chigayo chakutali, matenda n'kuyamba. Ndinaonanso chinthu chimene tonse tinkachiona osachiona. Tsiku limene kompyuta inafika, mayi a Esinta, a Nankhoma, anaveka bokosilo nsalu yawo yopeta maluwa, yolendewera mbali zonse, pamwamba n'kukhazikapo kabotolo ka maluwa apulasitiki. Anati chinthu chodula sichikhala chosavala m'nyumba mwawo.

Lachiwiri ndinalankhula. Ndinati fodya m'chigafa amafuna mphepo idutse, ndipo ukamuunjika n'kumufunditsa amapsa yekha. Khadiyonso ikupsa, chifukwa timabowo take topumira tatsekeka.

"Ababa, kompyuta si fodya," anatero Esinta osacheuka.

"A Phiri, nsalu yangayo muisiye," anawonjezera a Nankhoma. "Fumbi la kunoli muzilipukuta ndinu?"

Kodi si mmene tilili ife? Chinthu tikachilemekeza timachifunditsa. Wailesi ili ndi nsalu yake, kanema ali ndi yake, firiji yavala chitenje kumbuyo kumene imatulutsira kutentha. Njinga yamoto imafika pokalamba mpando wake udakali m'pulasitiki ya ku sitolo. Sindikunyoza. Fumbi la kwathu kuno ndi loona, ndipo zinthuzi timazipeza movutikira. Koma tinayamba tadzifunsapo kuti chimene tikuchisamalacho chimapumira pati?

Lachinayi a Nankhoma anachotsa nsalu ija okha, kuti aichape alendo adzaipeze yoyera. Tsiku lonselo a Chalimbana anagwira ntchito mpaka madzulo, opanda banga ndi limodzi lomwe. Esinta anathokoza dalayivala watsopano. Ine ndinangoyang'ana nsalu ija ikuuma pa chingwe.

Lachisanu nsalu inabwerera pamalo pake, yosita bwino, kabotolo pamwamba. Akomiti amene anati afika 9 koloko anafika dzuwa litapendeka, kompyuta ili chiyakire kuwadikira. Esinta anatsegula kakanemako mu pulogalamu yomwe amajambuliramo, kuti akafuna kusintha kanthu asinthe iwo akuona. A Chalimbana anayenda mapazi khumi. Pa phazi lotsatira nkhope inachita mawanga, mwendo n'kulunjika kumwamba.

"Kodi mlimiyu wadwala chikuku, eti?" anafunsa a Mbewe, wapampando wa kalabu. Anzawo anaseka. Mayi wina anayamba kumanga mpango wake ngati munthu wokonzeka kutsazika. Ndinayang'ana Esinta, ndipo ndinaona kuti mu mtima wayamba kale kulongedza.

Bondo langa silindilola kudzuka msanga. Choncho ndinatambasula ndodo, n'kukola nsalu ija ndi kumutu kwake kopindika, n'kuikoka. Kabotolo kanagwa pansi, kho! Kumenya kumene akukunena pa msika ndi kumeneko. Ndinauza Esinta azimitse makinawo, atsegule zenera, akankhire bokosilo kutali ndi khoma. Ndinapempha alendo mphindi khumi ndi zisanu za pa wotchi yanga, ndipo pozidikira ndinawaphunzitsa pang'ono za kayendedwe ka kutentha. Sindinganene kuti onse anapindula.

Atayatsanso, a Chalimbana anasankha mbewu yawo, anataya yofumbwa ndi yachuku, anadzala, mpaka kakanema kanatha miyendo yawo ili yofanana. A Mbewe anaomba m'manja, n'kufunsa ngati Esinta angapangenso kena ka soya.

Alendo atapita, mwanayo anaika dzanja pa bokosi lija, n'kundiyang'ana chammbali. "Ndiye kuti ndi fodyadi, ababa."

A Nankhoma anatola nsalu yawo, anaikutumula, anaipinda mosamala. Kenaka analowa kuchipinda n'kutuluka ndi kansanza, nandiikira m'manja.

"Mwakhoza, a Phiri. Poti mwaivula ndinu, fumbi muzipukuta ndinu. M'mawa uliwonse."

Mbali yokhayi a pa msika akhoza kuipotoza mmene angafunire.