Phiko la a Zuze ndi nkhope za eni ake

Ndatopa, abale. Sabata ino ndathandiza munthu wamkulu kutola zisanza pabwalo pake, ndipo mtima sunabwerere m'malo mpaka lero.

Kwathu ku Machinjiri kuno palibe amene sawadziwa a Zuze, mkulu wa ku Chikwawa amene ali ndi ndege kuseri kwa nyumba. Eee, ndege. Kandege kakale ka anthu awiri, mafupa ake timapaipi ndi timatabwa, khungu lake nsalu. Ankakasamalira pa esiteti ina, ndiye mzungu mwini wake pobwerera kwawo anawasiyira chigoba, nsalu yonse itaola.

Kuuluka sikadzaulukanso, iwonso akudziwa. Chomwe akufuna n'kukaveka mapiko onse awiri maso asanawathere, poti ng'ala yayamba kale. Ngakhale ulusi pa singano amawalowetsera ndi akazi awo.

Koma phiko limadya nsalu, inu. Ndiye nthawi ya kampeni, zipani zikumwaza zitenje, mayi Zuze sankaphonya msonkhano. Uku kuvina, uko kuvina, chitenje n'kubwera nacho kwa bambo. A Zuze n'kusoka, n'kukunga phiko kuti gwa, nkhope ya mtsogoleri ataitembenuzira mkati podikira penti.

Anaiwala dzuwa. Likapendeka masana, nkhope ija inkaonekera ndithu mpaka kumsewu.

Lolemba kunabwera anyamata a chipani china, malezala m'manja.

"Madala, mukufuna munthu wanuyu aziuluka pamutu pathu?"

"Ana inu, ine n'kufuna nsalu basi," anatero a Zuze. "Taonani phiko linalo, kuli wanu."

Anakasuzumira, anamupezadi wawo. Limenelo analisiya, linalo analicheka mpaka timatabwa kuonekera.

Lachitatu anzawo a mbali inayo atamva kuti mtsogoleri wawo wang'ambidwa ku Machinjiri, anabwera kudzabwezera. Phiko lotsala lija linapita.

Kodi ufulu tinkaimirira pamzere uja ndi umenewu? Lero mayi akamapita ku Ndirande kumsika amayamba wayang'ana kawiri chitenje chomwe wavala. Ukapenta chitseko, aneba akupatsa kale chipani. Kale tinkaopa kuyankhula, pano tikuopa kuvala. Ndipo amene nkhope zawo zili pansaluzo sakudziwa n'komwe kuti kuli munthu dzina lake Zuze.

Musaseke poti ndi ndege ya nkhalamba. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.

Ine ndinapsa mtima, ndinati tipite kupolisi. A Zuze anangopukusa mutu, akupapasa timatabwa ndi zala kuti amve ngati tathyoka, chifukwa ndi maso sakanaona.

"Matabwa alipo, ndiyambiranso," anatero. "Koma aneba, inu mumayenda m'tauni. Nsalu yopanda nkhope ya munthu ikupezekabe?"