Dzina la Bambo Limalembedwa ndi H

M'Malawi monse munalibe munthu wodziwa kusunga makalata kuposa ine, Francisco Nhoni wa ku Domwe, kutsidya kwa malire. Pa zaka zinayi ndinataya atatu okha, ndipo onse anali anga.

Ndinachoka nkhondo itayandikira ku Fonte Boa. Ku seminaliyo anali atandichotsa kale chifukwa choseka pa Misa, ndiye panalibe chondigwira. Bambo anandiperekeza mpaka pa malire a Kalomwe, n'kundibwereka njinga yawo. "Ukakhazikika uibweze," anatero. Ndinaigulitsa, n'kugula suti.

Ku Lilongwe bungwe lina lothandiza othawa nkhondo linandilemba ntchito chifukwa cha Chipwitikizi. Linali ndi kompyuta imodzi yolandira mauthenga a anthu ofunafuna abale awo, ochokera ku maofesi a m'malire kudzera pa waya wa foni. Mbusa wake ndinali ine. Ndinkaifunditsa nsalu kuopa fumbi, ndipo Lachisanu lililonse ndinkakopera zonse pa madisiki, kuti ikadzafa tisadzalire.

Ndinaika malamulo awiri. Loyamba, mayina onse alembedwe Chimalawi, "nh" akhale "ny", kufufuza kusavute. Inenso ndinasanduka Francis Nyoni, ndipo lendilodi anayamba kundipatsa moni. Lachiwiri, poti makinawo akadzaza ankayenda ngati nkhalamba, uthenga wotha miyezi itatu wopanda mwini ndinkaufafaniza osauwerenga, ndi pa madisiki pomwe. Abwana anandiyamikira pamaso pa anthu.

M'mawa uliwonse ndinkalemba "Nyoni" pa kompyuta, kufufuza uthenga wanga. Zii. Masana ndinkadya chimanga chootcha ndekha kuseri kwa ofesi, ndikukwiyira abale oiwala munthu wophunzira.

Mfuti zitaleka kulira ndinabwerera, nditavala suti ija. Nyumba inalibe denga. Mlongo wanga Rozalina ankakumba kachewere m'munda umene unali wanga, ndipo sanaweramuke.

"Mwabwera, a Dotolo?"

"Bambo ali kuti?"

"Mwawadutsa. Agona kumanzere kwa msewu, musanafike pa Dedza. Basi yanu sinaime?"

Anamasula mfundo ya chitenje, n'kutulutsa timapepala titatu. Iye ndi bambo nawonso anathawira ku Dedza, kumene bambo anadwala chifuwa miyezi isanu n'kumwalira. Katatu konse Rozalina anapita ku ofesi ya bungwe lathu kukanditumizira mawu, n'kupatsidwa kapepala. Kalaliki wa kumeneko anali wakwathu, wa ku misiyoni, wosamva malamulo anga. Analemba dzina monga lilili m'buku la ubatizo: Nhoni.

"Ankafuna kundiona?" ndinafunsa.

"Inu? Ankafuna njinga. Chipatala chinali kutali, ine kubereka munthu wamkulu sindikanatha."

Palibe anandilalatira. Alamu, amuna a Rozalina, anandisonyeza mphasa ya alendo, n'kufunsa kuti ndibwerera liti.

Lamulungu ndinakapempha Misa ya bambo. Akatekisti anagwira cholembera.

"Dzinali tilembe bwanji, a Malawi?"

"Ndi h."

Anandilipiritsa metikali zikwi ziwiri, mtengo wa botolo limodzi la mowa. Pa nkhani yonseyi ndalama imene inatuluka m'thumba langa ndi yomweyo.